Kasipulingi Kamene Ndinaponya M'chitini

Mpaka lero ndikadutsa pamsika wa pa Chongwe n'kuona matimati, ndimayang'ana kumbali. Sikuti ndimadana nawo ayi. Ndi manyazi, abale.

Ine ndine makanika wa maminibasi, ndipo pakamwa ndili napo. Ndiye mlamu wanga ba Tembo, mwamuna wa mlongo wanga wamkulu, atagula chilole chakale cha asilikali, chija cha matayala ofika m'chiuno, anabwera kwa ine. Chilolecho mphamvu chinali nazo, koma padambo la kumunda kwawo ku Kanakantapa chinkatitimira: tayala limodzi lakutsogolo likungozungulira m'matope, linzake lili phee. Anagula loko ya difu yakutsogolo, chitsulo chimene chimamanga matayala awiriwo kuti azikoka pamodzi ukadina batani.

"Mulamu, muzakwanisa?" anandifunsa.

"Ah, ba mulamu, difu ni difu chabe," ndinatero. (Yoposa ya minibasi ndinali ndisanaitsegulepo chibadwire. Zimenezo sindinanene.)

Ntchitoyo inali yachangu. Mlongo wanga, amake Chisomo, analima matimati a nthawi ya mvula, aja ovuta, miyezi itatu akupopera okha mankhwala thanki ili kumsana. Tsopano anapsa onse nthawi imodzi, ndipo Lachisanu anayenera kufika ku Lusaka asanaole.

Masiku awiri ndinagona pansi pa chilolecho. Kutsitsa difu kokha tinagwirana amuna anayi. Ndinaika loko, ndinalumikiza paipi ya mpweya, ndinamanga mabawuti onse. Ndikusesa pamalopo, taonani kasipulingi pa saka limene ndinkagonapo, kotalika ngati chala. Ife amakanika tili ndi kamwambo kathu: chotsala chilichonse timaponya m'chitini cha pakona n'kunena kuti opanga anaika chapadera. Ndinaponya. Ngwe!

Ba Lungu, mdala amene amamata matayala pafupi nane, anakonzapo magalimoto a asilikali kale. Anabwera manja ali kumbuyo.

"Ikani jeke, muzunguluse tayala imozi, muone ngati loko imasuka," anatero.

"Ba Lungu, nthawi yatha."

Nthawi inalipo yambiri. Kungoti mlamu anali pomwepo, ndipo sindinafune kuti aone ndikuphunzitsidwa ndi womata matayala. Mtima umenewo ndi umene unandipha.

Lachisanu tinapakira makileti mpaka pamwamba. Ba Tembo pasitelingi, amake Chisomo pakati, ine kuwindo ngati bwana. Titafika padambo ndinadina batani, psii! Chilole chinadutsa matope aja ngati palibe kanthu. Azimayi amene anatithandiza kuthyola anaimba nthungululu kumbuyo, ine mpaka kutulutsa dzanja kuwabayibitsa. (Mulungu andikhululukire dzanja limenelo.)

Titakwera pouma ndinadinanso kuti loko imasuke. Mpweya unalira bwinobwino. Chimene sindinadziwe n'chakuti mpweya ntchito yake ndi kumanga basi. Chobweza loko ndi kasipulingi kaja, ndipo kanali m'chitini ku Chongwe. Matayala akutsogolo akamangana, pouma galimoto sikhota.

Patsogolo panali kona, kuseri kwake ngalande.

"Mulamu, sitelingi yakana!"

"Pindani na mphamvu!"

"Napinda, mulamu, napinda!"

Anaponda buleki, koma chinthu cholemera chotero, potsetsereka, sichimva msanga. Sitinkathamanga n'komwe, ndipo n'zimene zimandiwawa. Chinapita pang'onopang'ono ngati ng'ombe yopita kukamwa madzi, tonse tikuona, mpaka tayala lakumanzere linalowa m'ngalande, chilole n'kupendekeka. Kumbuyo tinangomva khuu, khuu, makileti akutsatana.

Palibe anavulala. Amake Chisomo anatsika, anaima, anayang'ana ngalande yonse ili psuu. Ndinayamba kufotokoza za msewu woipa, za zitsulo za masiku ano zosalimba. Anandidula.

"Iwe, nikufunse. Unayesa?"

Ndinayang'ana nsapato zanga.

"Bwela utole," anatero, n'kumanga chitenje.

Tinatola mpaka dzuwa kupendeka, mmodzimmodzi, tikupukuta matope ndi malaya. Abwino anali ochepa zedi. Otsalawo anthu odutsa anatengera nkhumba zawo. Thukuta la miyezi itatu la mlongo wanga, amene anandibereka kumsana ndili khanda, ndinalitaya chifukwa chokana kuika jeke kwa mphindi zochepa.

Masiku ano ndimayesa chilichonse, ngakhale njinga, koma amene ndinamulakwira sakuziona zimenezo. Sanandikalipirepo, ngakhale kamodzi. Mwezi watha tayala la wilibala yawo linagwedera. Anaikankha kudutsa pagalaja panga, anandipatsa moni bwinobwino, anafunsa za ana, kenako anawoloka nayo msewu kupita kwa wowotcherera wa tsidya lija.

Ndinaimirira sipanala ili m'manja mpaka analowa. Bola akananditukwana.