Kabawuti ka Galimoto ya Alamu

Lolemba
Alamu apita ku Chipata, abwera Lamulungu. Galimoto andisiyira ine. Mawu awo: "Mukaisunga bwino, ndiyo izanyamula Tisa pa ukwati." Tisa ndi mwana wanga yekhayo wamkazi, ndiye ndikuitsuka mpaka kunsi. Ngakhale kapulasitala kakuda komwe kanamatirira pagalasi la mawotchi, kutsogolo kwa chiwongolero, ndakamatula. Kuliza injini, kanyali kachikasu ng'aa! Sindinayende nayo n'komwe!

Lachiwiri
Kabuku kake kakuti kanyaliko n'ka sensa, kachitsulo koyeza liwiro la wilo. Fumbi la Lundazi basi, ndingoipukuta. Ndachotsa wilo. Sensa yagwidwa ndi kabawuti kamodzi kadzimbiri. Sipanala, kupotoza kamodzi, thyo! Mutu uli m'manja mwanga, thupi latsala m'bowo. Amene anapanga kabawuti aka ndikufuna kumuona nkhope.

Lachitatu
Zomwe ndayesa: palafini, mafuta ophikira, msomali ndi hamala, pemphero.
Zomwe ndapindula: chala chotupa.
Amake Tisa akuti, "Bwanji osayembekeza eni ake?" Wawafunsa ndani?

Lachinayi
Ndabwezera wilo, ulendo kwa a Zimba owotcherera ngolo za ng'ombe pa Boma. Iwo akuti m'Chitumbuka, "Palije suzgo, adada," ndiye kuti palibe vuto. Awotcherera nati pa chitsa cha bawuti n'kukoka. Chatulukadi, pamodzi ndi mazinga onse a m'bowo ogwira bawuti! Waya wa sensa wapserera, ukununkha. Iwo akuti, "Yewo, nchito yatha." Galimoto si ngolo, a Zimba! Mtima ukuwira.

Lachisanu
Masitolo onse ndazungulira kufuna sensa ina. Wina akuti ndiyese ku Lusaka, wina wandionetsa belu la njinga. Bawuti watsopano akungozungulira m'bowo osagwira. Ndamanga sensa yomweyo ndi malegeni, mphira zodula ku chubu. Ngati malegeni amagwira thumba la mtedza panjinga kuchokera ku Chikomeni, angalephere kachitsulo? Kanyali kakuyakabe, kopanda manyazi.

Loweruka
Kuyesa pamsewu wa ku Mwase. Malegeni amasuka, akulungika kuwilo, azula sensa, adula kapaipi ka mabuleki. Kuponda, phazi lingolowa! Ndaimira m'munda wa fodya wa eni. Sensa yatsala m'fumbi, kaya pati. Galimoto yabwera kunyumba yokokedwa ndi ng'ombe ziwiri, mudzi wonse ukuonerera.

Lamulungu
Alamu afika. Azungulira galimoto kawiri. Ndafotokoza zonse kuyambira pa kanyali.

"Kanyali ako? Kanali koyaka kale pamene ninagula motoka. Nanga pulasitala yanga ili kuti?"

Makiyi atenga, moni wotsanzika palibe. Tisa wadzitsekera kuchipinda. Mkwiyo wandithera, chala chokha ndicho chikupwetekabe. Mawa ndipita kwa a Zimba kukapempha ngolo ya mkwatibwi. Akandipatsa, sindiitsuka.