Masentimita Awiri a Msoko

Mpaka lero ana ena a Folomu 4 kuno ku Ching'ambo akakumana nane pamsewu amandipatsa moni kuti, "Monire a Tawonga!" Ine bambo wa imvi zanga, telala wodziwika. Tawonga ndi mwana wanga wamkazi, ndipo mmene dzina lake linandigwerera ine ndi nkhani imene ndimalakalaka itaiwalika.

Mtsikanayu ndi wanzeru, koma masamu ankamuzunza. Mtima wake wonse uli ku yunivesite. Akaona ana a kumeneko, amene adzaza nyumba za lendi m'tauni muno, amawayang'ana mpaka khosi kupindika. Koma popanda masamu khomo limenelo silitseguka. Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti anali atasiya kufunsa m'kalasi, kuopa kusekedwa.

Mayi ake anamva kwa anzawo kutchalitchi kuti masiku ano kuli aphunzitsi ophunzitsa pafoni, ndipo phunziro loyamba amakulola kuti ungoonerera kaye. Ine ndinati, "Nsalu sindigula ndisanaikhudze. Ndiyamba ndawaona ndekha aphunzitsiwo." Ndiye Loweruka lililonse masana, Tawonga akapita kukwaya, ndinkatenga foni yake (ndinagula ndine, musandiyang'ane choncho) n'kulowa m'kalasi mwakachetechete.

Woyamba anali bambo wina amene ankangowerenga buku osadzutsa nkhope. Ndinadzidzimuka mayi a kunyumba akundigwedeza phewa. "Adada ake a Tawonga, mkonono wanu ukumveka mpaka kumsewu." Ameneyo ndinamuchotsa. Wachiwiri anali ndi nyimbo ndi zithunzi zothwanima, mwiniwake akukuwa ngati woitanira minibasi kudepoti. Ndinatulukamo nditaloweza nyimbo, masamu osagwirapo kanthu.

Wachitatu anali madamu wina wachitsikana, wongomaliza kumene yunivesite. Tsikulo kunali kuzizira kwa mu Juni kuja, kamvula kakuwaza, moti ndinali nditafunda chitenje cha mayi a Tawonga, kumutu chipewa chawo chaubweya chapinki, tepi yanga yoyezera ili m'khosi. Ndani akanandiona? Kamera inali yotseka.

Madamu uja sanatsegule buku. Ananyamula chivundikiro cha poto ndi kachingwe, n'kuyamba kuyeza kuzungulira m'mphepete mwake, akuitana ana mayina mmodzimmodzi, akuseka nawo. Ine tulo tinathawa. Mumtima ndinati, uyu ndiye wa Tawonga. Apatu ndinayenera kutseka foni n'kubwerera kumakina anga.

Koma anafunsa funso. Kuchokera pakati pa chivundikirocho kufika m'mphepete ndi masentimita 7, nanga kuzungulira konse ndi angati? Ana onse zii. Anabwerezanso, ziii. Inu, munthu amene wadula masiketi ozungulira moyo wake wonse angakhale chete pamenepo? Ndinadina kuti ndilankhule, koma zala za telala n'zokhakhala, zinadina ndi kamera yomwe. Nkhope yanga inadzaza foni yonse, chipewa chapinki pamwamba, ndipo pansi pake panalembedwa bwinobwino kuti Tawonga.

Poti ndinaleredwa bwino, sindikanayamba ndi yankho. "Odi kuno. Monire mose. Mwatandala uli, madamu?"

Madamu anaphethira kawiri. "Tatandala makora, adada. Muli ndi yankho?"

"Ndi 46."

"Yewo chomene. Mwaipeza bwanji 46?"

"Kwenikweni ndi 44, madamu," ndinatero modzidalira, "koma munthu wanzeru amasiyako awiri a msoko."

Phokoso limene linatuluka m'kafoni kaja sindinalimvepo. Wina anaseka mpaka kutsamwa. Ndinafuna kuthawa, koma pozimitsira sindinapaone, moti kwa kanthawi ndithu anawo ankaonerera mphuno yanga ikusakasaka batani.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti ana atatu m'kalasimo ndi a sukulu imodzi ndi Tawonga. Pofika Lolemba chithunzi changa chinali chitafika ku Masasa, Nkhorongo ndi kwina konse. Mwana anabwera kunyumba maso ali psuu, n'kuponya chikwama pampando. "Adada, mwandichititsa manyazi chomene. Kalasi imeneyo ine sindilowa, olo mundimenye."

Apo nthabwala zinatha. Ndinamva chisoni chenicheni. Mwana woopa kale kusekedwa, ine bambo ake ndamupezera mphunzitsi woyenera, kenako ndamutsekera khomo ndi manja anga omwe. Mayi ake anangoti, "Mwasoka nokha, mumasule nokha."

Ndinapepesa, ndipo kupepesa kwa mwana wako si chinthu chopepuka. Ndinamupempha kuti alowe kamodzi kokha, kamera yotseka, asalankhule kanthu. Akapanda kukonda, basi, sindidzatchulanso. Anavomera ndi mapewa okha.

Loweruka anajomba kukwaya n'kukhala pakhonde ndi foni, nkhope itakwinyika. Ine ndinali mkati, ndikunamizira kulowetsa ulusi m'singano, khutu lili pawindo. Madamu anayamba ndi ine. "Sabata yatha nonse munakhala chete, anayankha ndi adada ake a Tawonga okha. Analakwa, koma mwamva kuti amwalira? Kulakwa sikupha munthu. Ndani atiuze pamene anaphonya?"

Kenako ndinamva mawu amene ndimawadziwa. "Madamu, ndine Tawonga weniweni. Adada anawerengera bwino mpaka 44. Vuto n'lakuti chivundikiro cha poto sachisoka."

Anasekanso, koma ulendo uno ankaseka naye limodzi, ndipo iyenso ankaseka. Madamu anamuuza kuti afotokoze mmene 44 imabwerera, ndipo anafotokoza, akukakamira apa ndi apo, mpaka anafika. Ine ulusi unandikanika kulowetsa, m'maso munali mutadzaza madzi.

Mayeso sanalembe, ndiye sindilonjeza kanthu. Koma masiku ano amafunsa mafunso mpaka madamu kumuuza kuti apatseko mpata anzake. Kwaya anasamukira ya Lachisanu, ndipo foni anaitseka ndi nambala yachinsinsi, imene mayi ake akuidziwa koma ine ayi. Ndavomera kuti posankhira mwana kalasi, uzionerera uli chete ndipo mwiniwake akhale pambali pako.

Za 46 zokha ndiye sindinagonje. Siketi imene adzavale tsiku lolowa ku yunivesite ndidzasoka ndine, ndipo tidzaone ngati adzakane awiri a msokowo.