Tsiku Limene Matope Anakana Kutsika

Pulani inabadwa masana, m'bala ya kuseri kwa galaja, patebulo limene mwendo wake wina unali kireti ya mabotolo. Anaibereka ndi Profesa, munthu amene sukulu anaisiya msanga koma magalasi sankawavula.

"Amwene, tamverani," anatero Profesa akukankhira mabotolo pambali. "Mbava zopusa zimaba mumdima, n'chifukwa chake zimagwidwa. Ife tikaba dzuwa likuswa mtengo. Ndani amafunsa anthu amene akusamutsa katundu masana?"

Nyumba yake inali ya mwini sitolo ya zitsulo, yatsopano, kunja kwa tauni, kutsidya kwa kachidikha kamene msewu wafumbi umadutsamo. Lamlungu banja lonse linkapita kutchalitchi, mlonda nayenso n'kupita kukapemphera kwa chibwenzi chake.

"Dilu imeneyi ndi yoyerayera," anatero Giya, dalaivala komanso mwini pikapu. "Nkhalamba inyamula zonse."

Nkhalamba inali pikapuyo. Magalimoto amasiku ano ukafika pamatope umangodina batani uli khale, matayala onse anayi n'kuyamba kukoka. Nkhalamba ayi. Iyo inkafuna munthu atsike, agwade patayala lakutsogolo, apotoze kachitsulo kapakati kamene amakaniko amati habu, azungulire mbali inayo, agwadenso. Ndipo poti palibe amakumbukira zimenezi msewu uli wouma, kugwadako kunkachitikira m'thope nthawi zonse. Giya sakanatsika, chifukwa ndi dalaivala. Profesa sakanatsika, chifukwa ndi Profesa. Wotsala anali mmodzi, ndipo dzina lake lenileni anthu analiiwala kalekale. Ankangoti Matope.

"Ine ulendo uno sinditsika," anatero Matope.

Anzakewo anaseka mpaka Giya anatsamwa.

"Aise, usatsike bwanji? Mphatso yako ndi imeneyo."

Koma Matope sankaseka. Sabata yomweyo mkazi wake anaika buluku lake patebulo, louma gwa ngati chikopa, n'kukhala pansi.

"Bambo a mwana," anatero mkaziyo, "ntchito yachilungamo imayenda pamsewu wa tala. Mukapita ndi anzanu aja mumabwera ngati mwatuluka m'dzenje. Ndatopa nazo. Mukadzalowanso pakhomo pano ndi matope, mudzapeza ine ndi mwana tapita kwathu."

Sanakuwe, ndipo n'zimene zinamuopsa Matope. Chikwama chachikulu chimene chinkakhala pamwamba pa wadiropu chinali chitatsitsidwa kale, chopukutidwa fumbi. Matope ankamukonda mkazi wakeyo ndi mtima wonse, ndipo ankadziwa kuti nyumba yopanda iye ingakhale khola chabe.

Munthu wanzeru akanamva kuti mayiyo akuti aleke kuba. Matope anamva kuti aleke kuda. Ndiye Profesa atatchula kuti m'nyumba ya mwini sitolo muli makina ochapira zovala, mutu wake unawerengera msangamsanga: vuto la mkazi wake ndi kuchapa, makina amachapa, banja lapulumuka. Mumtima anadziyamikira kuti nayenso akanangopeza magalasi akanakhala Profesa.

"Mvula sigwa Lamlungu," anatero Profesa. "Ndaona kumwamba. Sutsika."

Lamlungu anafika pageti kunja kuli ngwee, kachidikha kaja atadutsa mouma. Giya anabwerera chakumbuyo mpaka pakhonde, loko anagonja mosavuta, ndipo Profesa ndi Giya analowa. Matope anasiyidwa panja kuti aziyang'anira msewu. Anali atavala malaya oyera ndi nsapato zopolisha, kuti madzulo akangolowa m'nyumba mkazi wake aone yekha.

M'malo moyang'ana msewu anayang'ana kumwamba, ndipo anaona mitambo ikusonkhana ngati abale pamlandu. Apa m'pamene Matope anachita chinthu chanzeru choyamba pa moyo wake wonse. Anayala katoni pasimenti, nagwada mwaulemu, napotoza habu yakumanja mpaka inatseka, kenako yakumanzere. Manja anapukuta ndi mpango. Zaka zonsezi akusambira m'thope, nzeru yosavutayi inali kuti? Anadziyankha yekha kuti inali komwe kumakhala nzeru zake zina zonse.

Anzake sanawauze. Anali otanganidwa. Anatulutsa wailesi yakanema, firiji, mipando, matilesi, kenako makina ochapira aja, muli zovala momwemo. Profesa anatuluka atavala nsapato zachikasu za mwini nyumba, zake atazisiya m'chipinda.

"Munthu wa pulani azioneka," anatero.

Mvula inayamba akumanga zingwe. Sinabwere mocheza. Pamene ankafika pakachidikha kaja, msewu unali utasanduka phala, madzi ofiira akuyenda pakati. Giya anaimika galimoto m'mphepete monga mwa chizolowezi, nalowetsa kagiya kakang'ono, osatembenuka n'komwe.

"Matope, tsika."

Mawu awiri okha akanatha nkhani yonse: ndatseka kale. Anali pamlomo penipeni. Koma maso ake anagwera pansapato zachikasu zija, zonyezimira, zitapingasa bwinobwino pafupi ndi chitseko. Anakumbukira maulendo onse amene ankagwada m'madzi ozizira Profesa akumuuza pawindo kuti afulumire. Mtima wake unati kamodzi kokha, Ambuye, ndimuone ameneyu atagwada.

"Ndinanena kale," anatero Matope. "Sinditsika."

"Aise, si nthawi yamasewera ino!"

"Akazi anga andithawa. Atsike a Profesa, ali kuchitseko."

Anakangana, anatukwanizana, anatchulana za makolo. Pomaliza Profesa anavula magalasi, nawaika padashibodi.

"Ndipotozere kuti?"

"Kumanja, bigi. Mpaka ikane."

Matope anaganiza kuti palibe chingalakwike. Profesa akayesa kumanja, apeza yothina kale, abwerera atanyowa, basi. Anaiwala kuti Profesa ndi munthu amene savomera kukanidwa ndi chitsulo. Habu itakana kumanja, iye anaipotozera kumanzere kumene inalola, nazungulira, nachitanso chimodzimodzi mbali inayo. Matope sanaone zimenezi. Ankaonera nsapato zachikasu zikumira, akusangalala ngati mwana. Akulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

"Zinali zothina, koma ndazigonjetsa," anatero Profesa polowa, madzi akuchucha. "Ntchito imeneyi ndiye unkatidandaulira nayo zaka zonsezi?"

Giya anaponda moto. Nkhalamba inalowa m'chidikha molimba mtima, inafika pakati, inabuula, n'kukhala pansi. Matayala akumbuyo ankazungulira okha, akumwaza thope pamatilesi. Akutsogolo anangoti duu ngati alendo.

"Yakalamba," anatero Profesa.

"Usainyoze!" Giya anakalipa. "Tsikani tikankhe. Matope, poti ndiwe mkwati lero, khala pachiwongolero. Ndikati ponda, uponde."

Awiriwo anatsika. Matope anasunthira kumpando wa dalaivala, mpando umene ankaulota kwa zaka. Anaponda, anapondanso, galimoto ikumirabe, anzake kumbuyo akusanduka zoumba. Kenako anasuzumira pawindo, naona tayala lakutsogolo lisakugwedezeka n'komwe, ndipo anazindikira zimene Profesa anagonjetsa. Thukuta linamutuluka mvula ikugwa.

Habu zinali zitamira pansi pa madzi ofiira. Dzanja lake lokha ndi limene likanazipeza mosayang'ana. Akanatsika, kugwada mpaka m'chiuno, kupotoza uku ndi uku, mwina Nkhalamba ikanadzuka. Koma akanakafika kunyumba ali Matope weniweni, n'kupeza kabedi ka mwana kopanda munthu. Anagwira chitseko, anachisiya, anachigwiranso. Mapanga awiri avumbwitsa, koma iyeyu anasankha limodzi. Anakweza galasi, napinda manja.

Patsogolo panatulukira galimoto yaikulu yakuda. Inaima, dalaivala wake anadina kanthu, ndipo inalowa m'thope mwakachetechete ngati ikuyenda pabalaza, n'kudzaima pambali pa Nkhalamba. Windo linatsika. Munali bambo wonenepa wa tayi, mkazi wake, ndi azibambo ena a kutchalitchi amene anawaitana kudzadya nawo.

"Pepani, abale," anatero bamboyo. "Lamlungu sitisiya munthu panjira. Ndili ndi chingwe, ndikukokani."

"Zikomo, bwana," anayankha Matope ndi mawu aang'ono.

"Mukusamuka?"

"Eya, bwana."

"Firiji yabwino. Ifenso tili ndi yotero."

Mayi uja sankayang'ana firiji. Ankayang'ana makina ochapira, amene chitseko chake chinali chitatseguka ndi kugwedezeka kuja, diresi lamaluwa likulendewera panja.

"Abambo," anatero mayiyo, "diresi ilo ndinaliika m'makina m'mawa uno."

Azibambo a kutchalitchi anatsika onse nthawi imodzi. Kuthawa m'thope lofika m'mawondo n'kosatheka, ndiye Profesa anagwiritsa ntchito mutu. Anawomba m'manja mwaulemu, thope likudontha m'zigongono.

"Ife ndife odutsa chabe, mabwana. Atipempha kuti tikankhe. Eni ake ndi awo ali m'katimo. Taonani mmene avalira."

Onse anatembenuka. Pachiwongolero panali munthu wa malaya oyera, wouma, wopesa, atapinda manja. Kumbuyo kunali amphawi awiri osaoneka nkhope. Mwana wamng'ono akanatha kunena kuti bwana ndi uti. Zaka zonse Matope ankafuna kuti tsiku lina anthu adzamuyese mkulu wa gulu, ndipo pemphero lake linayankhidwa pa nthawi yoipa.

"Tsika!" anakuwa bambo wa tayi uja, mwini sitolo.

"Chonde, bwana, ndimenyeni momwe muno. Kutsika kokha ayi."

Apolisi atafika nawonso analephera kumutsitsa. Anakakamira chiwongolero ngati nkhupakupa, mpaka anangoganiza zokoka pikapu ndi munthu wake yemwe. Itafika patala anatsika yekha mwaulemu, nalambalala kachithaphwi, napereka manja.

Profesa ndi Giya anatengedwa ngati mboni, ndipo pulani yatsopanoyi inkayenda bwino mpaka wapolisi wina atalowa mu Nkhalamba kuti aiyendetse. Giyabokosi inakukuta mano. Giya anapirira. Inakukutanso.

"Achimwene, pondani klatchi kawiri kaye!" anakuwa Giya. "Muithyola! Ndinaimanga ndi manja angawa!"

Anazindikira atamaliza kulankhula kuti wadziulula yekha.

Profesa anafika mpaka kupolisi akadali mboni. Koma mayi wapolisi wa pakauntala anali atangokolopa kumene, ndipo anamulozera mpope wapanja kuti asalowe ndi zonyansa zakezo. Profesa anatsegula madzi, nasambitsa mapazi mwini sitolo ataima pambali. Thope linatsika pang'onopang'ono, chikasu cha nsapato zija chikutuluka.

Mkazi wa Matope anabwera dzuwa litapendeka, mwana ali kumsana. Anamupeza mwamuna wake pabenchi, atakhala patali ndi anzake kuti asamudetse. Matope anaimirira, natambasula manja momwe unyolo unalolera, natembenuka kuti aonekenso kumbuyo.

"Mayi a mwana, taonani nokha. Ngakhale kadontho."

Mkaziyo anamuyang'ana kuyambira kolala mpaka nsapato. Anawerama, nakanda buluku ndi chikhadabo pabondo, osapezapo kanthu. M'maso mwake munali misozi, koma pakamwa pankafuna kuseka.

"Ndaona," anatero. "Mawu mwasunga. Inenso ndisunga anga, sindichoka."

Matope anapuma kwambiri, natembenukira kwa anzake monyada.

"Chikwama chija ndiye ndabwera nacho," mkaziyo anapitiriza, akuchikankhira pakauntala. "Ndaikamo bulangete lanu ndi sopo. Wochoka ndinu."