Mboni Yanga ya Magambuti

Abale inu, musamandione ndikugwedeza makiyi mu msewumu ngati munthu wanzeru, nyumba ndikukhalayi ndinaigula ndi manyazi. Zaka zonsezi ndinali kalaliki wa pasikelo ku esiteti, kuyeza masamba a tiyi, ndiye nditangopuma pantchito anandiuza kuti mwezi ukamatha ndikhale nditatuluka m'nyumba ya kampani. Katundu ali m'makatoni, kolowera kulibe, chakudya osatsika, kukhala pansi osatheka, ndinkangozungulira m'nyumbamo ngati nkhuku yofuna kuikira.

Mnzanga wina anandipezera ejenti wogulitsa nyumba, a Diki, bambo a pakamwa posatseka. Anati ku Masambanjati kuli nyumba yatsopano yoti munthu sanagonemo, koma mtengo wake unali ndendende penshoni yanga yonse, yosasiya ndi ya mchere yomwe.

"Mtengo utsika, amayi," anatero a Diki. "Inuyo mukakaonana ndi eni ake musakaonetse mano. Mukainyoze nyumbayo, zotsalazo ndikamaliza ndine."

Kunyoza? Ine amene ndinkabweza masamba okhwima pasikelo tsiku ndi tsiku, anthu nkumachoka akunditsonya? Ndinati imeneyo ndiye ntchito yanga.

Tinapangana kukakumana kunyumbako teni koloko. Ine eyiti inandipeza ndili kale pageti, chiperoni chikuwaza, ndikuimbira a Diki mphindi iliyonse, iwo nkumangoti ali m'njira. Nditakweza maso, mayo ine, nyumba ija! Malata obiriwira, khonde la matailosi, mpope pabwalo pomwepo. Ndinaikonda mpaka misozi inalengeza.

Kuseri ndinapeza bambo wina wachikulire, magambuti odzaza matope, malaya ong'ambika paphewa, akusalaza dothi ndi fosholo. Mumtima ndinati waganyu uyu. Ndinawalonjera m'Chilomwe, anayankha, tinafunsana zakumudzi, nkupezeka kuti kwawo nkwa Mphuka, kuchimake kwa malemu mayi anga. Basi pakamwa panga panamasuka. Ndinawauza kuti nyumbayi ndaifera, kuti pa sate, mwezi ukamatha, akunditulutsa m'nyumba ya kampani, kuti ngakhale eni ake akane kutsitsa ndigulabe, ndalama ndili nazo zokwanira ndendende. Ndinawagwiritsa chikwama changa uku ndikuyeza mawindo ndi chitenje, kuwerengera makatani. Kodi pamenepo munthu wabwinobwino sakanalekera pomwepo? Ine ayi. Ndinatulutsa thu sauzande nkuwafumbatitsa.

"Ya sopo iyi, achimwene. Eni ake akafika, ine ndikanena kuti simenti anaumira, inu muzingovomera."

Anaiyang'ana ndalama ija kanthawi, anaipinda bwinobwino, nkuika m'thumba. "Chabwino, amayi."

Posakhalitsa pageti panaima galimoto, munatsika bambo wa jekete, nsapato zowala, foni ziwiri m'manja. Ndinati eya, mwini nyumba ndi ameneyu. A Diki ndiwadikirenji? Ndinamanga chitenje m'chiuno, moni wake wachidule, nkuyamba.

Ndinati khoma ili lapendama, pulasitala akuyoyoka ndi chala, denga ili mvula ya ku Thyolo kuno silipirira sabata. Ndinagogoda chitseko, ndinapondaponda matailosi, ndinanunkhiza ndi kubafa komwe nkukwinya nkhope. Bambo wa jekete uja anangoti kukamwa yasa, ine nkumati zikuyenda, ndiye ndinawonjezera moto. Ndinati amene anamanga nyumbayi ayenera kuti ankadzera kaye kokachasu, chifukwa ngakhale khola la mbuzi kwathu timamanga moposa apa.

"Mboni ndili nayo," ndinatero. "Achimwene, tabwerani kuno. Simenti anathiramo yokwanira m'nyumba muno?"

Anabwera ndi fosholo yawo, chikwama changa chili pakhosi. "Amayiwa akuti inachepa."

Bambo wa jekete uja anandiyang'ana ine, anayang'ana a magambuti aja, kenako anafunsa motsitsa mawu: "Ababa, amayiwa ndi ndani? Ine ndabwera kudzakutengani, kunyumba akukudikirani."

Ababa. Abale, thukuta linatuluka kuli chiperoni. Ndinasowa poika nkhope.

Nthawi yomweyo nkuti a Diki akutsika pa kabaza. Anavula chipewa, anawerama pamaso pa magambuti omwe aja: "Bwana Muhiwa, pepani ndachedwa." Ine ndikuwatsinzinira diso, ndikuwakodola, ndikutsokomola, iwo osaona, ayamba kale sewero lawo. "Kasitomala wangayu, bwana, ngovuta. Ali ndi nyumba zina zitatu zoti asankhepo, sakufulumira ayi, ndiye mtengowu muuganizire."

"Zoona?" anatero a Muhiwa. "Ine andiuza kuti pa sate akuwatulutsa."

Ndinagwada pamatope pomwepo, diresi langa la kutchalitchi lomwelo. Mantha anandigwira kuti nyumba yapita, ndikagona pansi pa tiyi ndi makatoni anga. Ndinapepesa m'Chichewa, ndinapepesa m'Chilomwe, ndinabweza mawu anga onse limodzilimodzi, khoma ndinaliwongola, denga ndinalimata, mbuzi ndinazitulutsa. A Muhiwa, atatsamira fosholo, anandisiya ndimalize. Kenako anandiuza kuti njerwa iliyonse ya nyumbayo anayala okha ndi manja awo, ndipo mowa chibadwire sanaulawe.

"Dzukani, amayi. Nyumba ndikugulitsani, chifukwa mmene mumaikondera kuseri kuja ndaona ndekha. Mtengo ndi womwe uja, poti mwanena nokha kuti mugulabe. Koma a Diki apempha kuti ndiganizire, ndiye ndaganizira."

Anapisa m'thumba, anatulutsa thu sauzande yanga ija, anaiwongola, nkundipatsa ndi manja awiri.

"Yotsitsa ndi imeneyi."

Ndinailandira ndi manja awiri inenso, nkuthokoza, ndikanatani? Ndiyo ndinakwerera kabaza pobwerera. Kuyambira tsiku limenelo, munthu aliyense wogwira fosholo ndimamupatsa moni wa bwana, ndipo zimene ndimakamba naye nza mvula basi.