Mpando wa Bambo M'kanyumba ka Tamanda

Lolemba

Ndayamba. Kanyumba ka zidole, mphatso ya mwana wanga Tamanda, yemwe akukwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi Lamulungu likubwerali. Panopa ali kutchuthi kwa achemwali anga ku Namadzi, ndiye sabata yonse ndi yanga.

Zaka khumi ndili pachikamwini pano pa Mbulumbuzi. Njerwa ndinaumba ndine, malata ndinakhoma ndine, koma m'nyumbamo ndilibe ngakhale msomali wokolekapo chipewa. Pampando wanga amake Tamanda anakhazikapo ndowa ya madzi akumwa chaka chatha, ati pansi pali nyerere. Kuyambira pamenepo ndimakhala pakhonde. Zimandiwawa, kungoti sindinena.

Kanyumba aka ndiye ayi. Umu wolamula ndine. Pulani:
- zipinda ziwiri pansi, china pamwamba
- mawindo oonekera, odula ku botolo la pulasitiki
- pakati penipeni pa balaza, mpando wa bambo

Amene ali ndi maganizo akamange kake.

Lachiwiri

Matabwa a kireti ya tomato, timisomali, mabokosi a machesi. Mpando ndasema ndi mpeni kuchokera ku kachidutswa ka mbawa. Uli ndi poika mikono, uli ndi poyedzamira. Ndaumbanso zidole zitatu zadongo: bambo, mayi, mwana. Bamboyo ndamuumba wamkuluko pang'ono. Vuto lili pati?

Amake Tamanda akusuzumira, manja m'chiuno. "Khitchini ili kuti? Anthuwo azidya mawindo?"

Ndikupitiriza kukhoma. Chipinda chimodzi chasanduka khitchini, mwa kufuna kwanga.

Lachitatu

Apongozi atulukira. Iwo ndi ine sitilankhulana maso ndi maso, mwambo sulola. Ndiye aima chakumbali n'kumauza nkhuku: "Nyumba yosanja pamudzi pano? Ana azigona pamwamba pa mitu ya amayi awo? Paja amati mkamwini asamakule mwendo."

Nkhuku ikugwedeza mutu. Nayonso ndi ya kuchikazi.

Ine ndikuuza nyundo yanga kuti nyumbayi ikhala yosanja, afune asafune.

Chipinda chapamwamba ndachotsa. Osati chifukwa cha iwo, chinali chopendekeka kale. Thabwa lake ndalikhoma kutsogolo kuti lisawonongeke, lakhala khonde.

Lachinayi

Lero ndi alamu anga, atsibweni ake a Tamanda, mwini mbumba. Akuzungulira kanyumba ngati munthu wofuna kugula mbuzi.

"Alamu, luso ndiye lilipo. Koma malo munapempha kwa ndani?"

Malo! A nyumba yoti ndikunyamula ndi dzanja limodzi!

Akuseka, koma ndimawadziwa, nkhani yavuta amainena choseka. Akuti khomo lisayang'ane kumsewu ngati la munthu wokonzeka kuthawa, liyang'ane kwa eni mudzi. Ndakana. Ndakananso kachiwiri. Khomo sindinalikhudze n'komwe, ndangotembenuza kanyumba konse. Ndiye kuti wapambana ndine.

Mpando ukadali pakati pa balaza. Umenewo ndiye ndifera.

Lachisanu

Ndikuchokera kumunda, ndikupeza azimayi atatu atazinga kanyumba: amake Tamanda, mng'ono wawo ndi mnzawo wa kwaya. Zomwe alowetsamo popanda chilolezo changa:
- makatani a chitenje
- mtondo wa chitsononkho
- timatumba ta nandolo, tosoka bwinobwino, mpaka kuchipinda chogona
- kabati ya mbale, yopangidwa ndi mabokosi anga a machesi omwe ndinati akhale tebulo ya bambo
- chidole chachinayi, chovala duku, chojintcha

"Nanga agogo azikhala kuti?" akutero amake Tamanda, osachita n'komwe manyazi.

Mpando aukankhira kuseri kwa chitseko. Ndaubwezera pakati, ndaumata ndi guluu, ndakhomanso msomali kunsi. Ausunthe tione.

Loweruka

Zidole zauma. Ndikuyesa kukhazika bambo pampando wake. Sakukwana.

Mpando sindingauchotse, ndinaumata ndekha. Ndiye ndikupala bamboyo ndi mpeni. Mapewa kaye, kenako chiuno, kenako ntchafu. Dongo likungoyoyoka. Tsopano wachepa kuposa agogo, wachepa kuposa mayi, watsala pang'ono kufanana ndi mwana.

Apongozi akudutsa ndi lichero, akuuza mtengo wa mango kuti tsopano ndiye waoneka waulemu.

Anene zonena zawo. Wachepa, inde, koma wakhala. Pakati pa balaza, miyendo pansi, maso kukhomo. Ndamuyang'ana nthawi yaitali, mtima wanga uli mbee.

Lamulungu

Titaweruka kutchalitchi, Tamanda akutsika pa kabaza ndi azakhali ake. Mbumba yonse ili pabwalo. Ndikuvundukula chitenje.

Wagwada, wagwira pakamwa, akukhudza chilichonse ndi chala chimodzi. Makatani, mtondo, agogo. Akufika pabalaza. Ndikudikira.

Wamunyamula bamboyo bwinobwino n'kumukhazika panja. Watola chotsekera botolo, wadonthezamo madzi, wachikhazika pampando.

"Tama, nanga bamboyo wamutulutsiranji?"

"Mpandowo ndi wa ndowa, ababa. Ababa amakhala pakhonde."

Palibe anamutuma. Wangokonza monga amaonera tsiku ndi tsiku. Bwalo lonse lafa ndi phwete, ndipo apongozi, koyamba m'zaka khumi, andiyang'ana m'maso. Inenso ndikuseka nawo.

Tamanda sanamalize. Walowetsanso dzanja, watulutsa kachidole kamwana, wakakhazika pamiyendo pa bambo wopalidwa uja.

"Nanga ameneyo?"

"Ndine. Ine ndimakhala pamene pali ababa."

Basi, ndagonja. Ndowa ikhale pamene ili, m'nyumba zonse ziwiri. Ndikungofuna kathabwa kamodzi kena, khondelo lachepa.