A Tokuji ndi Nyimbo Yawo ya Kumtsinje

A Tokuji ankati akangoponya mbedza m'madzi, nyimbo yayamba. Kwathu kuno ku Hokkaido panalibe msodzi wosawadziwa, chifukwa mawu awo ankalira ngati chitseko chadzimbiri. Nsomba za trauti, zimene zimathawa ndi chithunzithunzi chomwe, zinkangoti balala kukabisala pansi pa miyala.

Ozunzika anali a Genzo, mnzawo wa paubwana, amene ankapita nawo limodzi n'kubwerako chimanjamanja.

"A Tokuji, tatsekani kukamwako! Nsombazi zakulakwirani chiyani?"

"Ndani akuyimbira nsomba? Ndikuodira kwa Bambo wa m'phiri. Pakhomo pa eni sulowa mwakachetechete."

Bambo wa m'phiri ndi chimbalangondo, paja sitikonda kuchitchula dzina. Asodzi ena ankamangirira timabelu pazikwama kuti chizimva n'kupatuka, koma a Tokuji ankati belu ndi loitanira Bambowo ku chakudya.

Tsiku lina, nyengo imene nsomba za salimoni zimakwera mtsinje, a Genzo anachita chiwembu. Anawapatsa mnzawoyo chikate cha mpunga chomata kwambiri, nsagwada zinagwirana, kumtsinje kunati zii. Posakhalitsa a Genzo anakoka trauti yonona, n'kuyamba kuvina. A Tokuji sanaseke. Anangoloza pamchenga kumbuyo kwawo, pomwe panali phazi lalikulu ngati mbale, madzi akulowamo kumene.

"Mwaona? Amabwera kudzafunsa chimene ndasiyira kuyimba," anatero atameza.

"Amabwera kudzathokoza!" a Genzo anayankha.

A Tokuji anamwalira m'nyengo yachisanu, ali m'tulo, ndipo pamaliro anthu ankanong'onezana kuti tsopano nsomba zipuma.

Salimoni zitabweranso, a Genzo anapita okha kumtsinje, opanda belu, poti kuyambira kale belu lawo linali a Tokuji. Trauti zinkadya nyambo ngati zolodzedwa, koma mtima wawo sunakondwe. Bata la kumtsinjeko linali loipa, ngakhale mbalame sizinkalira. Kenako anamva fungo lachinyontho, ngati la galu wonyowa. Pamwala wapafupi panali salimoni yodyedwa theka, mchira ukugundabe. Nsungwi za kutsidya zinagwedezeka popanda mphepo.

A Genzo anachita mantha osaneneka. Kuthawa ndiye kuitana imfa, izi ankazidziwa. Anatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka ndi nyimbo yoipa ija, yonse, mawu ndi mawu, misozi ili chuchuchu. Nsomba zinati balala. Nsungwi zinaima, kenako nthambi zinayamba kuthyoka pang'onopang'ono, kulowera kuphiri.

Masiku ano mtsinje uja umaoneka waukulu ndi wozizira kuposa kale. Asodzi amadandaula kuti a Genzo amawathawitsira nsomba, ndipo wina akawauza kuti atseke pakamwa, iwo sakwiya. Amangoyang'ana kunsungwi kuja n'kuyankha motsitsa mawu.

"Bambo aja sanamve za maliro. Musawauze."