Annihilation m'dimba la apongozi

Anzanga, Chingerezi n'chokoma pakamwa, koma ine chinandiwonjezera chaka chathunthu pachikamwini.

Mawuwo ndinawatola pa wailesi ku Golomoti, wolengeza mpira akufuula kuti timu ina yachita annihilation. Anandikomera kwabasi. Kufika kunyumba ndinafunsa mkazi wanga Nabanda, amene sukulu anapita nayo patali kuposa ine, ndipo anati ndi kuwononga kosasiya kanthu, kopanda ngakhale chotsala cha mbewu, ndiye si mawu oti munthu uziwatchula ukaswa kapu. Malangizo omalizawo ine sanandilowe. Ndikapha udzudzu, annihilation. Ndikamaliza mbale ya mpunga, annihilation.

Nthawi imeneyo n'kuti ndikukonzekera kupempha chitengwa, kuti nditenge banja langa tikakhale kwathu ku Mtakataka. Ndiye nditamva kuti mbozi zalowa m'dimba la apongozi anga aakazi, aNaphiri, ndinati mwayi ndi umenewu: ndikapha mbozizo, ndani angandikanize chitengwa? Dimbalo linali lopatsa kaso, tomato, mpiru, therere, mizere yowongoka ngati anachita kuyeza ndi chingwe. Mayi amene aja ali ndi dzanja, chilichonse chimene akhudza chimamera.

Ndinabwereka sipuleya kwa aGama, mnzanga wolima mpunga ku Bwanje. M'kati mwake munali mankhwala otsala, ine n'kuti kutaya mankhwala n'kuchimwa, ndinangothira a mbozi pamwamba n'kudzaza madzi. Kufunsa kuti otsalawo anali a chiyani? Katswiri amafunsa ngati? Potuluka ndinauza Nabanda kuti lero mbozi ziona annihilation.

Ndili mkati mopopera, ndinaona apongozi akutsetsereka kumtunda uku akukupiza manja. Tsono kwathu kuno mkamwini ndi apongozi aakazi salankhulana, sayang'anana m'maso, ukawaona panjira umapatuka. Ine mwaulemu wanga ndinapatukira ku mpiru, uku ndikupopera. Iwo n'kuzungulira, ine n'kuthawira ku tomato, ndikupoperabe. Anakhosomola, anaomba m'manja, ine kuyesa akundithokoza, ndinanyonyomala pang'ono n'kuwonjezera liwiro. Ndikanadziwa bwanji kuti iwo aona kansalu kofiira kamene aGama amamanga pa sipuleya ya mankhwala opha udzu? Pamene ankathamanga kukaitana Nabanda kuti adzandiletse, n'kuti ine ndikumaliza mzere wotsiriza wa therere, ndikuimba mluzu.

Sabata isanathe dimba lonse linali lofiira ngati ladutsa moto. Manyazi anandigwira, chakudya osalowa. Ndinkangoyembekeza ankhoswe kudzandiuza kuti ndipinde mphasa yanga, ndipite ku Mtakatakako ndekha, mkazi ndi mwana atsale.

M'malo mwa ankhoswe anabwera aNaphiri eni ake, atanyamula kachitini. Anakhala pakhonde langa n'kundiyang'ana m'maso koyamba chikwatirire mwana wawo.

"Bambo a Chikondi, ulemu wanu ndauona, ndi waukulu kuposa dimba. Kuyambira lero tizilankhulana, ulemuwu usanatithere ndiwo zonse. Mbewu ndi izi. Za chitengwa tidzakamba tomato akapsa."

Sanakalipe, sanakandinenere kwa wina aliyense, ndipo m'mudzi akafunsidwa ankangoti dimba likupuma. Kunena zoona ndinatsala pang'ono kulira. Munthu wamuphera chaka chake chonse, iye n'kukubweretsera mbewu! M'mawa mwake anali nane m'dimbamo, kundionetsa kufesa nazale, ndipo ndinapeza kuti mayi amene ndinkawathawa aja ndi anthabwala kuposa anzanga onse a pa bawo.

Tikugaula choncho, Nabanda anawerama pampanda n'kutola mbozi yonenepa bwino, ikuwolokera kudimba la eni ake. Anaiika pachikhatho changa.

"Komatu mawu anu aja simunawakwanitse. Annihilation sisiya kanthu. Onani, mbozi ilipo, mbewu zilipo, inunso mukadali pachikamwini."

Apongozi anaseka mpaka kugwetsa khasu.

Chichitikireni zimenezo, sipuleya yobwereka ndimaitsuka mpaka iwale, Chingerezi cholemera ndinawasiyira a pa wailesi, ndipo aNaphiri akangokweza dzanja, ngakhale akuthamangitsa ntchentche, ine ndimaima.